Kutsata a Garcin, mdala wa chikhoti chija

Lachiwiri, Marseille

Tafika abale anga, koma kunja kuno kukutentha zosakhala bwino. Ndege yatera ku Marignane masana, takwera basi mpaka pa siteshoni ya Saint-Charles, nde ukangotuluka panja pamenepo mzinda wonse uli pansi pako, masitepe 104 otsikira mtawuni, kutali uko paphiri tchalitchi cha Notre-Dame de la Garde chili ngwee ndi dzuwa. Madamu anayang'ana masitepewo, n'kuyang'ana sutikesi, kenako n'kuyang'ana ine. Ndanyamula ndine.

Ambiri mwakhala mukundifunsa kuti munthu wavutika ndi viza, wapempha tchuthi kuntchito, bwanji osapita ku Paris kukajambulitsa pa Eiffel ngati anzako. Yankho lake ndi mdala wina dzina lake Gilbert Garcin. Anabadwira ku La Ciotat, katawuni ka m'mbali mwa nyanja pafupi ndi kuno, mu 1929, ndipo anamwalirira konkuno ku Marseille mu April 2020 ali ndi zaka 90, nthawi ijayi anthu atatsekeredwa m'nyumba ndi Covid. Moyo wawo wonse a Garcin anali munthu wa bizinesi, kampani yawo inkagulitsa nyali za magetsi za m'nyumba. Atapuma pa ntchito, ali ndi zaka cha m'ma 65, m'pamene anayamba zojambula zithunzi, ndipo zithunzi zake si zimene mukuganizazo.

Onse amene munaonapo chithunzi chawo olo chimodzi mukudziwa kale. Chakuda ndi choyera, kamunthu ka mutu wadazi kavala chikhoti chachitali chakalekale, nkhope ili gwaa osaseka, kaima pamalo poti padziko pano palibe. Pena kakuyenda pa chingwe m'mwamba, pena kakukoka mzere umodzi kuti upatuke pa inzake, pena kali pa duwa la dandelion lija longofuna kamphepo pang'ono kuti lonse libalalike. Kamunthuko ndi iwo eni ake, anthu anangokatcha Mister G. Ine ndimajambula maukwati ndi ma bridal shower kumapeto a sabata ndikachoka ku shifiti, nde tsiku limene ndinaona zimenezi ndinangoti kakasi.

Tagona pafupi ndi Noailles, dera la msika mkati mwa Marseille. Madzulo tadya couscous, madamu akuti ndi mpunga wosakhwima maganizo kkkk.

Lachitatu, Marseille

M'mawa tinatsikira ku Vieux-Port kukaona asodzi akugulitsa nsomba pa matebulo awo m'mbali mwa doko, zina zikuphiriphithabe. Pomwepo pali denga lalikulu lachitsulo lonyezimira ngati galasi, analiika mu 2013, pulani yake ndi ya Norman Foster. Ukalowa pansi pake n'kuyang'ana m'mwamba umaona anthu onse akuyenda chadodolido, mitu pansi miyendo m'mwamba, mayi wa pulemu, apolisi, ana a sukulu, onse. Ndinajambula mpaka khosi kuwawa.

Kenako Musée Cantini, mu rue Grignan. Ndi nyumba yakale ya anthu olemera, mkulu wina wosema miyala ya mabo dzina lake Jules Cantini ndi amene anaipereka ku mzinda. Ndinapita kumeneko chifukwa a Garcin aliyense akamawatchula amati ndi a surrealism, gulu la ojambula zinthu zonga za kumaloto, nde ndimafuna ndione eni ake a zimenezo. Muli chithunzi chachikulu cha Max Ernst cha mbalame zounjikana m'mlengalenga, cha 1927, muli za André Masson, za Victor Brauner.

Nkhani ya anthu amenewa ndi mzinda uno ndi yowawa. André Breton analemba chikalata choyambitsa gulu lawoli mu 1924 ku Paris, ganizo lake linali loti maloto ndi zinthu zobisika m'mutu mwa munthu zizituluka momwe zilili, nzeru zisamazipondereze. France itagonja kwa Hitler mu 1940, anthu ambirimbiri anathawira kuno chifukwa doko la kuno linali khomo lotulukira. Munthu wa ku America dzina lake Varian Fry anafika mu August chaka chomwecho n'kuyamba kuzembetsa anthu, ena ndi mapepala enieni ena ndi achinyengo, ndipo anathandiza anthu pafupifupi 2000. Breton ndi banja lake anakakhala ku nyumba ina kunja kwa tawuni yotchedwa Villa Air-Bel kudikira viza ndi sitima ya pamadzi. Nyumbayo anaigwetsa kalekale.

Nde taganizani, anthu ali pa mzere wa viza miyezi, chakudya chovuta, apolisi a boma la Vichy, logwirizana ndi Hitler lija, akubwera kudzasecha, iwo anatani? Anakhala pansi n'kupanga makadi awoawo a juga. Anachotsa mfumu, mfumukazi ndi jeki poti iwo za mafumu sankazifuna. M'malo mwa mitundu inayi ya makadi imene timaidziwa anaika lawi la moto kuimira chikondi, nyenyezi yakuda kuimira maloto, gudumu la magazi kuimira kuukira boma, ndi loko kuimira chidziwitso. Anagawana kujambula, Breton, mkazi wake Jacqueline Lamba, Brauner, Masson, Ernst, Wifredo Lam wa ku Cuba, Oscar Domínguez ndi Jacques Hérold. Zojambula za makadi amenewo mwana wa Breton anazipereka ku Cantini konkuno mu 2003. Breton yo anakwera sitima mu March 1941 kulowera ku Martinique.

Nthawi imeneyo a Garcin anali kamnyamata ka zaka 11, makilomita ochepa chabe kuchoka pano. Ndakhala ndikuganiza zimenezi tsiku lonse.

Koma kunena zoona, nditatuluka mmuja ndinayamba kukayika ngati dzina la surrealism likuwakwana madalawa. Anthu a Breton ankafuna dzanja lizijambula lokha mutu usanaganize. A Garcin ayi, chilichonse chinaganiziridwa, chinayezedwa, ndipo chithunzi chilichonse chili ndi mutu wake woti ukauwerenga umaseka kaye kenako n'kukhala chete. Amene akufanana naye kwambiri ndi René Magritte wa ku Belgium ndi kamunthu kake ka chipewa kaja. Komanso gululo Breton atamwalira mu 1966 linatha mu 1969, a Garcin akugulitsabe nyali. Madamu akuti ndikuvutika ndi maina ngati ndine wa ku kalembera, chithunzi ngati chili bho chili bho basi.

Lachinayi, La Ciotat

Lero nde tsiku lake. Sitima kuchoka Saint-Charles ndi mphindi 30 kapena kuposa pang'ono. Chenjezo kwa amene mudzabwere, siteshoni ya La Ciotat ili kutali ndi tawuni, musadzati tiyenda wapansi ndi dzuwa limeneli, dikirani basi.

Siteshoni yomweyi ndi imene abale awiri aja a Lumière anajambulapo sitima ikufika cha m'ma 1895, imodzi mwa mafilimu oyambirira padziko. Bambo awo anali ndi nyumba yochezerako nthawi yotentha kuno. Anthu amakonda kunena kuti oonera anathawa mu holo poganiza kuti sitimayo iwagunda, koma akatswiri a mbiri ambiri amati nkhani imeneyo inachita kuthiridwa mchere. Mtawunimu muli Eden Théâtre, inamangidwa mu 1889, amati ndi holo ya kanema yakale kwambiri imene ikugwirabe ntchito. Inakhala yotseka zaka zambiri, anaikonza n'kuitsegulanso mu 2013. Ndi yaing'ono kuposa mmene ndimaganizira, yayang'ana kunyanja, ukapanda kuuzidwa ungadutse.

Chimene chimakuphimba maso ukafika padoko ndi makireni. Zitsulo zikuluzikulu zaima pamwamba pa tawuni yonse. Kuno ankapanga sitima zapamadzi zikuluzikulu, anthu masauzande ankadya pamenepo, mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 pamene anatseka. Ogwira ntchito ena anakana kuchoka, anakhala m'menemo zaka ndithu kulondera kuti malowo asagulitsidwe kwa omanga mahotela. Pano amakonzerapo mabwato a anthu olemera mopusa aja. Kuseri kwa makireniwo kuli thanthwe lopindika lotchedwa Bec de l'Aigle, ukaliyandikira umaona kuti si mwala umodzi koma timiyala tobulungira tambirimbiri tomatana. Ndinaima pamenepo ndikuona bambo wina yekhayekha akudutsa pansi pa kireni, kamunthu kochepetsetsa pansi pa chinthu chachikulu chopanda chisoni, kumbuyo thambo lokhalokha, ndinati ehe, mwana wokulira pano akanajambulanso chani.

Tsono ndikuuzeni mmene ankapangira, poti apa m'pamene pali nkhani.

Ankayamba ndi ganizo, n'kulijambula pa pepala. Kenako amavala chikhoti chija n'kujambulitsa ataima momwe ganizolo likufunira, kaya akukankha, kaya akusuzumira, kaya awerama. Chithunzicho amachitsuka chaching'ono, masentimita ochepa chabe, n'kudula kamunthuko ndi sizasi mosamala. Ndiye pa tebulo, mu kashedi kawo konkuno ku La Ciotat, amamanga dziko lonse. Mchenga, timiyala, ulusi, makatoni, guluu, tizitsulo ta zidole za ana ta Meccano. Kumbuyo amaonetsa thambo la mitambo ndi pulojekita. Amaimika kamunthu kapepala kaja pakati, kuyatsa nyali, n'kujambulanso. Chimene mumaonacho ndi chithunzi cha chithunzi. Zimandikumbutsa mmene tinkapangira magalimoto a mawaya tili ana, zinthu zotola kudzala koma ukamaliza ili ndi siteringi ndipo ikukhota.

Chimene ndimachikonda kuposa zonse ndi Le moulin de l'oubli. Kamunthu kaja kakukankha mtengo wozungulira pa mchenga, kakuyenda mozungulira, kakusiya mapazi, koma chipangizo chomwe kakukankhacho ndi chimene chikufufuta mapaziwo. Kakugwira ntchito mwakhama, nkhope ili serious, ndipo ntchito yake ndi yodzifufuta. China ndi L'égoïste, m'mene akusewera masewera odumphana pamsana, koma wodumpha ndi iwo, wowerama ndi iwo, wotsatira pamzere ndi iwonso. Nonse muli ndi m'bale mmodzi wotero, musanditchulire dzina.

Chinthu chimodzi chimene chimandisangalatsa n'choti sanyoza munthu wina. Wonyada ndi iwo, wamantha ndi iwo, wofuna kutchuka ndi iwo, wopusa ndi iwo. Eni ake ankanena kuti kamunthuko si iwo kwenikweni, ndi aliyense, ndipo n'chifukwa chake umaseka mosavuta mpaka utazindikira kuti akunena iwe.

Madzulo tinakhala pa benchi kuonera madala akusewera pétanque, masewera oponya mipira yachitsulo. Masewerawa anayambira tawuni yomwe ino mu 1907. Kale ankaponya mpira wachitsulowo akuthamanga, nde mkulu wina Jules Lenoir nyamakazi itamugwira moti sangathamangenso, anzake anasintha lamulo kuti aliyense aziponya ataima malo amodzi mapazi ali pansi. Madala a lero aja anakangana pa mipira iwiri pafupifupi mphindi khumi, mmodzi mpaka anatulutsa tepi m'thumba n'kugwada pansi kuyeza. Madamu anaseka mpaka misozi.

Ku Figuerolles, kagombe kobisika kamene wopenta zithunzi Georges Braque anajambulako mu 1907, sitinatsike. Miyendo inakana.

Lachisanu, Marseille

Lero sitinapite kutali. Ndinadzuka ndi nthumanzi yoti ndiyese ndekha.

Madamu anandijambula pa khonde nditavala jekete, manja ndatambasula ngati ndikukankha chinthu cholemera, anthu odutsa pansi akundiyang'ana. Tinakatsukitsa chithunzicho pa shopu ina ya fotokope, tinagula sizasi, guluu ndi paketi ya semolina ku Noailles kuti akhale mchenga, poti wa kugombe kuno saloleza kutapa. Katoni tinapempha kwa wogulitsa zipatso. Mwala wake unali anyezi.

Abale, zinthu zija zimaoneka zophweka. Choyamba, ukadula pepala m'mphepete mwake mumatsala moyera, nde ukawalitsa tochi kamzere koyerako kamakuwa kuti ndine pepala. Umayenera kudetsa m'mphepete monse ndi maka. Chachiwiri, kamunthu kapepala ndi kafulati, ukasuntha kamera pang'ono chammbali kamaonda n'kusowa. Chachitatu nde chachikulu. Pa khonde paja dzuwa linkandimenya kuchokera kumanja, ndiye pa tebulo tochi ya foni ikakhala kumanzere, nkhope ikuwala mbali ina mthunzi ukugwera mbali yomweyo, diso la munthu limadziwa pompo kuti apa pali bodza olo mwini diso sangafotokoze kuti bodzalo lili pati. Titasamutsa tochi n'kuitsitsa pansi kwambiri kuti kuwala kuzikwawa pa semolina, timizere tonse tinadzuka, mthunzi unatalika, anyezi uja anasanduka thanthwe. Madamu anangoti "aaa iwe" ali chigwirire foni m'mwamba.

Apa m'pamene ndikufuna tikambirane. Nkhani iliyonse ya a Garcin imene mungawerenge imakakamira pa zaka 65 zija, mdala wopuma pa ntchito wangodzuka n'kukhala katswiri. Ine ndikuona kuti anthu amadumpha mbali ya nyali. Munthu amene wakhala zaka makumi akugulitsa nyali amadziwa kuti babu ukaliika m'mwamba chipinda chimaoneka chonchi, ukaliika pakona chimaoneka mwina, amadziwa kuwala kofewa ndi kolasa m'maso, wakhala akufotokozera makasitomala zimenezi tsiku ndi tsiku. Kamera anaiphunzira mochedwa inde, koma kamera ndi kabokosi chabe. M'zithunzi zawo zonse chimene chimagwirizanitsa pepala ndi mchenga kuti zikhale dziko limodzi ndi mthunzi, ndipo mthunzi anali ataudziwa kale.

Semolina ali paliponse m'chipinda muno, mpaka mu bedi.

Loweruka, Arles

Sitima pafupifupi ola limodzi. Arles ndi tawuni ya Aroma akale, bwalo lawo lamasewera lilipobe pakati pa nyumba za anthu, ndipo kulikonse ukatembenuka akugulitsa zojambula za Van Gogh, pa makapu, pa matawelo, pa maambulera, munthu amene anakhala kuno mu 1888 ndi 1889 anthu a tawuni yomweyi n'kusainirana kalata yoti achotsedwe. Zimenezo tizisiye.

Ife tabwerera Rencontres d'Arles, chionetsero cha zithunzi chimene chimachitika chaka chilichonse kuyambira July mpaka September. Chinayamba mu 1970, oyambitsa ake ndi wojambula Lucien Clergue, mlembi Michel Tournier ndi katswiri wa mbiri Jean-Maurice Rouquette. Zithunzi amazipachika paliponse, m'matchalitchi akale, m'nyumba za masisitere, m'mashedi akuluakulu momwe kale ankakonzeramo sitima za pamtunda. Pafupi ndi mashediwo pali nsanja ya Luma yonyezimira ya Frank Gehry, anaitsegula mu 2021, ine sinandigwire mtima, ikuoneka ngati yabwera kudzadzionetsa. Umagula tikiti imodzi ya tsiku n'kumangolowa uku kutuluka uku mpaka maso kutopa. Pofika 3 koloko ndinali nditasiya kuona, ndikungodutsa.

Kuno n'kumene zonse zinayambira. A Garcin atapuma pa ntchito, m'zaka za m'ma 1990, analembetsa kakosi ka masiku ochepa pa chionetsero chomwechi, mphunzitsi wake anali wojambula Pascal Dolémieux, ndipo m'menemo ndi mmene anaonera koyamba zodula zithunzi n'kuziika m'kadziko kopanga. Anabwerera kwawo n'kugwira njira imodzi yomweyo osaisiya, zaka pafupifupi 20, chikhoti chomwecho, chakuda ndi choyera chomwecho. Ma gallery a ku Paris anayamba kuwaonetsa, kenako mayiko ena, ndipo mu 2013 Arles yomweyi inawakonzera chionetsero chachikulu cha ntchito yawo yonse, pamalo pamene analowa ngati wophunzira wa imvi. Makosi oterowo akuchitikabe, ndinaona kagulu kena pa Place du Forum kazungulira tebulo, zithunzi zili mbwee pakati pa makapu a khofi, ena mwa iwo agogo enieni.

Pa nkhomaliro tinakangana pang'ono ndi madamu, mkangano wabwino. Ine ndimati nkhani ya madalawa imandilimbitsa mtima. Iwo akuti ndisanamizidwe, munthuyo anali ndi kampani, penshoni, nyumba, kashedi kakekake ndi nthawi, palibe amene ankamuimbira foni pa 25 kuti fizi ya mwana wa achimwene yavuta. Akuti zinthu zopangira zithunzizo n'zotchipa inde, koma chodula ndi kukhala mwezi wathunthu ukusuntha kamunthu kapepala popanda wokufunsa kuti ndiwo zili kuti. Ndinafuna kutsutsa koma mfundo inalipo. Chokhacho ndinati anthu a penshoni yabwino ku France ndi mamiliyoni, ambiri amathera pa pétanque ndi mowa wa pastis, amene anatenga sizasi ndi mmodzi.

Kenako anafunsa za mayi amene amaoneka m'zithunzi zina. Amenewo ndi akazi awo a Monique, anayamba kulowa m'zithunzi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Ndipo kunena chilungamo zithunzi za awiriwa ndi zimene zimaluma kwambiri. Nkhalamba ziwiri zovala zakuda, pena zikukokana, pena zapatsana msana, pena zikusamala kuti chinthu chimene zaimapo chisapendekeke. Palibe kukumbatirana kwa pa maukwati kumene ine ndimajambula Loweruka lililonse, "mkwati yang'anani mkwatibwi, mwetulirani", ayi. Ndi ukwati wa zaka zambiri mmene umakhaliradi, anthu awiri odziwana mopitirira muyeso amene akudziwanso kuti mmodzi adzatsogola. Madamu anayang'ana pa foni nthawi yaitali, kenako akuti mayiwa ndi amene amaoneka wanzeru pa chithunzi chilichonse, bamboyo amangokhala busy ndi zinthu zosatheka. Sindinayankhe, ndinaitanitsa bilu.

Pobwerera mphepo ya mistral inayamba, chipewa changa chatsala ku Arles, chinalowera ku mtsinje wa Rhône.

Lamulungu, Marseille

Takwera ku Notre-Dame de la Garde pa basi nambala 60, anthu a kuno amangoti la Bonne Mère. M'katimo kudenga apachika timabwato tating'onoting'ono tamatabwa, asodzi ndi amalinyero opulumuka panyanja ndi amene ankabweretsa pothokoza, tikulendewera pa zingwe pamwamba pa mitu ya anthu opemphera. Ndinayesa kujambula koma munali anthu ambiri ndipo misa inali pafupi kuyamba.

Tagula ma navette, mabisiketi olimba aja onunkhira maluwa a malalanje, oti tikagawire a kuntchito. Amene munapempha chithunzi cha ine ndi anyezi, ndiika ndikafika kunyumba, ndikufuna ndichijambulenso ndi nyali yeniyeni osati tochi ya foni, komanso madamu akuti ulendo uno alowamo nawo koma iwo sakankha nawo anyeziyo, akhala pamwamba pake. Basi ya ku eyapoti ndi 6 koloko m'mawa ndipo masitepe 104 aja ulendo uno ndi okwera.